Sitebilaiza: Chitsulo Choletsa Galimoto Kupendekeka Pokhota

Pansi pa galimoto zambiri pali chitsulo china chomwe eni ake sachidziwa kufikira tsiku lomwe chayamba kugogoda. Ndi mpiringidzo wonenepa ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu, wopingasa kuchokera ku gudumu lakumanja kufika ku lakumanzere, ndipo kumapeto konse kuwiri ndi wopindika ngati nyanga za ng'ombe. Ku America amachitcha sway bar, ku Britain amati anti-roll bar, pomwe m'mabuku a zipangizo za galimoto za ku Japan chimalembedwa kuti stabilizer. Amakaniko athu amagwiritsa ntchito dzina lachitatuli, choncho inenso ndizichitchula kuti sitebilaiza.

Okonda galimoto m'maiko ambiri, makamaka achinyamata, amachotsa sitebilaiza yomwe galimoto inabwera nayo n'kuikamo ina yonenepa. Ogulitsa amalonjeza kuti galimoto izigwira msewu ngati yamatidwa ndi ulimbo, ndiponso kuti chiwongolero chizimvera msanga. Lonjezo lachiwirili ndi loona. Loyambalo ndi loona pang'ono chabe, ndipo nthawi zina limaika moyo pachiswe. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti kulimbitsa chitsulochi sikuchotsa mtolo womwe matayala amasenza pokhota. Kumangosankha kuti mtolowo ugwere kwambiri matayala akutsogolo kapena akumbuyo, ndipo posankha zimenezi munthu amakhala akusankhanso mbali ya galimoto yomwe idzayambe kuterereka zinthu zikadzavuta.

Chomwe chimapendeketsa galimoto

Amene anakwerapo minibasi yotsetsereka kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena yotsika pa Chiweta, akudziwa zomwe zimachitika pakona. Galimoto ikamakhotera kumanja, anthu onse amatsamirana kumanzere, ndipo wokhala kuzenera ndiye amapanikizika. Komatu palibe amene wawakankha. Chilichonse choyenda chimafuna kupitirira molunjika, tsono matayala ndiwo amakakamiza galimoto kusintha njira. Vuto ndi lakuti matayala amagwira pansi, pamsewu penipeni, pomwe kulemera kwa galimoto kuli m'mwamba. Akatswiri amayerekeza kuti kulemera konse kwa galimoto kwasonkhana pamalo amodzi, omwe pano ndiwatcha phata la kulemera. M'galimoto yaing'ono phata limeneli limakhala pamtunda wopitirira pang'ono theka la mita kuchokera pansi. Magudumu akakokeredwa mkati mwa kona, bodi imatsalira kunja, ndiye imagwada pa masipuling'i akunja n'kunyamuka pa amkati.

Tiyeni tiyerekeze galimoto yolemera makilogalamu 1,200, yomwe phata lake lili pa mamita 0.55 ndipo magudumu ake atalikirana mamita 1.5 kuchokera kumanja kufika kumanzere. Tiipatse kona yomwe ili ngati chigawo cha bwalo lozungulira, la mamita 50 kuchokera pakati kufika m'mphepete. Ikalowa pakonapo pa liwiro la makilomita 56 pa ola, mphamvu yoikankhira kunja imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake, ndiye kuti makilogalamu 600. Tikachulukitsa 600 ndi 0.55 n'kugawa ndi 1.5, timapeza 220. Awa ndi makilogalamu omwe achoka pa matayala awiri amkati n'kukagwera awiri akunja. Pamsewu wowongoka mbali iliyonse imasenza 600. Tsopano yamkati yatsala ndi 380, yakunja yasenza 820.

Onetsetsani kuti m'masamu amenewa mulibe sipuling'i, mulibe shoki, mulibenso sitebilaiza. Muli kulemera, kutalika kwa phata, kutalikirana kwa magudumu, liwiro ndi kukula kwa kona basi. Ngakhale ngolo ya ng'ombe, yomwe ilibe sipuling'i ngakhale imodzi, imasamutsa mtolo wake chimodzimodzi ikamakhota. Mfundo imeneyi tiisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Mmene chitsulochi chimagwirira ntchito

Pakati pake, sitebilaiza imamangiriridwa ku chasisi ndi mabushi awiri a labala. Nyanga zake ziwiri zimalumikizidwa ku sasipenshoni ya gudumu lililonse ndi tizitsulo tating'ono totchedwa malinki. Magudumu onse awiri akakwera nthawi imodzi, monga podutsa pahampu, nyanga zonse zimakwera pamodzi ndipo mpiringidzo umangozungulira m'mabushi ngati chitseko pa mahinjesi ake. Pamenepo sugwira ntchito iliyonse. Koma pakona, gudumu lakunja limalowa m'bodi pomwe lamkati limalendewera. Nyanga ina imakwera, ina imatsika, ndiye mpiringidzo umapotoka monga mmene timapotolera chovala pochifinya. Chitsulocho ndi cha mtundu wa sipuling'i, chimakana kupotoka ndipo chimafuna kubwerera mwakale. Kukana kumeneku ndi komwe kumagwira bodi kuti isapendekeke kwambiri.

Wina angafunse kuti bwanji osangoika masipuling'i olimba? Yankho lake ndi lakuti sipuling'i yolimba imalimba paliponse, pakona ndi pamsewu wowongoka pomwe, mwakuti okwera amamva kamwala kalikonse kumsana. Ubwino wa sitebilaiza ndi wakuti imalola masipuling'i kukhala ofewa, iyo n'kumadzuka pokhapokha mbali ziwiri za galimoto zikasiyana. Munthu woyamba kulandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli anali Stephen Coleman wa ku Fredericton m'dziko la Canada, m'chaka cha 1919. Komabe galimoto za nthawi imeneyo zinali ndi masipuling'i olimba kale, choncho chitsulochi chinafala kwenikweni kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pomwe masipuling'i ofewa ozungulira anachuluka.

Kulimba kwa sitebilaiza kumadalira kwambiri kunenepa kwake, ndipo apa ndi pomwe maso amanyenga. Chitsulo cha mamilimita 22 ndi cha mamilimita 20 mukaziika pamodzi, kusiyana kwake n'kovuta kuona. Koma kukana kupotoka kumakula ndi kunenepa kochulukitsidwa kanayi. Tikagawa 22 ndi 20 timapeza 1.1, ndipo 1.1 × 1.1 × 1.1 × 1.1 ndi 1.46. Mamilimita awiri okha awonjezera kulimba ndi magawo 46 pa 100. Kuchoka pa 20 kufika pa 24 ndiye kuti kulimba kwawirikiza kawiri n'kupitirirako. Choncho munthu amene akuti wangowonjezera pang'ono amakhala atasintha galimoto kwambiri kuposa mmene akuganizira.

Masamu omwewa amafotokozanso chifukwa chomwe masitebilaiza ena amakhala amphako ngati paipi. Popotoka, chitsulo cham'mphepete ndicho chimagwira ntchito yaikulu, chapakati chimangolemetsa. Paipi ya mamilimita 24 kunja ndi mphako ya mamilimita 16 imalimba mofanana ndi mpiringidzo wopanda mphako wa mamilimita 22.7, koma imapepuka ndi magawo oposa 35 pa 100. Ndiye pogula sikokwanira kuyeza kunja kokha. Kutalika kwa nyanga nakonso kuli ndi gawo lake. Aliyense amene anamasulapo bauti yolimba akudziwa kuti sipanala yaitali imapepuza ntchito. Chimodzimodzi, nyanga yaitali imapotola mpiringidzo mosavuta, yaifupi movutikira. N'chifukwa chake masitebilaiza ogula padera amakhala ndi mabowo awiri kapena atatu kunsonga ya nyanga. Linki ikamangidwa pa bowo lakunsonga, chitsulo chimafewa. Ikasunthidwira pa bowo lapafupi ndi mpiringidzo, chimalimba.

Ndani asenze mtolo?

Tsopano tibwerere ku makilogalamu 220 aja. Taona kuti sitebilaiza singawachepetse. Nanga imachita nawo chiyani? Kumudzi anthu akamanyamula denga la nkhokwe kuti akalikweze, amene wapinda mawondo amapepukidwa, ndipo mtolo wake umagwera anzake amene aima chilili atalimbitsa makosi. Denga silinapepuke, kwangosintha osenza. M'galimoto, mbali yakutsogolo ndi yakumbuyo zimagawana ntchito yoletsa bodi kupendekeka, ndipo mbali yolimba ndiyo imatenga gawo lalikulu. Mukalimbitsa sitebilaiza yakutsogolo, gawo lalikulu la 220 uja limasamuka pakati pa matayala awiri akutsogolo. Mukalimbitsa yakumbuyo, limasamuka pakati pa akumbuyo.

Izi zikanakhala zopanda kanthu tayala likanakhala kuti limagwira msewu molingana ndendende ndi mtolo womwe lasenza. Koma labala sali choncho. Tayala likalemedwa limagwiradi kwambiri, koma phindu lake limanka lichepa mtolo ukamakula. Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Matayala awiri osenza makilogalamu 300 lililonse atha kugwira msewu ndi mphamvu ya 300 lililonse, pamodzi 600. Tikachotsa 150 pa lamkati n'kuika pa lakunja, lamkati litha kupereka 160, koma lakunja, m'malo mopereka 450, limalekezera pa 420. Pamodzi ndi 580. Matayala awiri osenza mosiyana amagwira msewu mochepa kuposa awiri osenza mofanana. Zotsatira zake ndi zodabwitsa kwa amene akuzimva koyamba: mbali ya galimoto yomwe mwailimbitsa ndiyo imataya mphamvu yogwira msewu, ndipo phindu limapita ku mbali inayo.

Matayala akutsogolo akayamba kuterereka akumbuyo akadagwira, dalaivala amapinda chiwongolero koma galimoto imangopitirira kunja kwa kona. Pachingerezi amati understeer, ine ndikutcha kukana kona. Akumbuyo akayamba ndiwo, kumbuyo kwa galimoto kumaponyedwa kunja, mphuno n'kuloza mkati, ndipo galimoto itha kuzungulira n'kuyang'ana komwe yachokera. Uku ndiye oversteer, kapena kuti kutaya kumbuyo. Sitebilaiza yolimba kutsogolo imawonjezera kukana kona, yolimba kumbuyo imakokera galimoto ku kutaya kumbuyo.

Makampani opanga galimoto amasankhira dala kuti galimoto za anthu wamba zizikana kona pang'ono. Chifukwa chake chili m'chibadwa cha munthu. Dalaivala akachita mantha amachotsa phazi pamoto. Akatero, kulemera kumasamukira kutsogolo, matayala akutsogolo amagwiranso, ndipo galimoto yokana kona imabwerera m'njira yake. Koma m'galimoto yomwe yayamba kutaya kumbuyo, kuchotsa phazi pamoto kumapepuza matayala akumbuyo omwe akuterereka kale, ndiye vuto limakula. Kuti aipulumutse, dalaivala ayenera kupinda chiwongolero mofulumira kulowera komwe kumbuyo kukupita, luso lomwe ambiri a ife sitinaliphunzire.

Nkhani ya galimoto ya Chevrolet Corvair ku America imaonetsa kukula kwa nkhaniyi. Corvair ya m'zaka za 1960 mpaka 1963 inali ndi injini kumbuyo, ndipo sasipenshoni yake yakumbuyo inali ya mtundu womwe umalola gudumu lakunja kupindikira pansi pa bodi pakona yothina. Galimoto yotere imafuna kulimbitsidwa kutsogolo kuti kumbuyo kupepukidwe. Koma pofuna kuchepetsa mtengo, kampaniyo sinaike sitebilaiza yakutsogolo pa galimoto zonse. M'malo mwake inadalira kusiyanitsa mpweya wa m'matayala, mapaundi 15 kutsogolo ndi 26 kumbuyo, malangizo omwe opopa matayala ambiri sankawadziwa. Pa galimoto za 1964 sitebilaiza yakutsogolo inayamba kuikidwa pa Corvair iliyonse, ndipo mu 1965 sasipenshoni yakumbuyo inasinthidwa yonse. M'chaka chomwecho loya wina, Ralph Nader, anatulutsa buku lotchedwa Unsafe at Any Speed, lomwe mutu wake woyamba unali wodzudzula Corvair. Kunena mwachilungamo, mu 1972 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu linapeza kuti galimotoyi sinali yoipa kuposa zinzake za nthawi imeneyo. Koma mbiri yake inali itaonongeka kale, ndipo inasiya kupangidwa mu 1969.

Galimoto zing'onozing'ono za ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz ndi Corolla, vuto lake ndi losiyana. Injini ili kutsogolo, magudumu okoka ndi akutsogolo, ndipo pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera ali komweko. Matayala akutsogolo amakoka, amawongolera, amasenzanso injini. Galimoto zotere zimakana kona mwachibadwa, ndipo munthu akaziikira sitebilaiza yonenepa kutsogolo kokha amangowonjezera matendawo, ngakhale kuti bodi imaoneka kuti yasiya kupendekeka. Odziwa amalimbitsa kumbuyo, kuti matayala akumbuyo, omwe ntchito yawo ndi yochepa, atengeko mtolo. Galimoto ngati Citi Golf, yomwe ankaipanga ku South Africa kuyambira 1984 mpaka 2009, imadziwika ndi kukweza gudumu lakumbuyo lamkati ikakhota mwaliwiro, ngati galu pamtengo. Zimaoneka zoopsa, koma ndi umboni wakuti kumbuyo kwatenga gawo lonse lomwe kungathe. Gudumulo likangonyamuka, kuwonjezera kulimba kumbuyo sikusamutsanso kanthu, chifukwa palibenso mtolo wotsala pa tayala lomwe lili m'malere.

Zomwe manja amamva

Ngati sitebilaiza yolimba sichepetsa mtolo, n'chifukwa chiyani amene aiika amaitamanda? Sakunama ayi. Choyamba ndi nthawi. M'galimoto yofewa, mukapinda chiwongolero, bodi imayamba yagwada kaye, ndipo galimoto imakhazikika pakona kugwadako kukatha. Kuchedwaku ndi kochepera sekondi imodzi, koma manja amakumva. Pamsewu wokhotakhota ngati wokwera phiri la Zomba, pomwe kona yakumanja imatsatana ndi yakumanzere, bodi imakhala ikubwerera kuchokera mbali ina pomwe dalaivala wayamba kale kupindira mbali inayo. Galimoto imakhala ngati bwato pamafunde. Chitsulo cholimba chimafupikitsa ulendo wa bodi, ndiye chomwe manja alamula chimachitika msanga.

Chachiwiri ndi kaimidwe ka tayala. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono, sasipenshoni yakutsogolo ndi ya mtundu wa MacPherson, womwe gudumu limapendekeka potsatira bodi. Bodi ikagwada kwambiri, tayala lakunja, lomwe lasenza mtolo waukulu, limaponda ndi m'mphepete m'malo moponda ndi nkhope yake yonse. Amene amakonda kuthamanga pamakona amaona matayala akutsogolo akudyeka m'mbali pakati pakadali mano. Kuchepetsa kupendekeka kumathandiza tayala kuponda bwino, ndipo phindu lenileni la kugwira msewu limachokera pamenepa. Pa galimoto yofewa kwambiri, phinduli litha kuposa zomwe zatayika chifukwa cha kusamuka kwa mtolo. Pa galimoto yomwe inali yolimba kale, phinduli limakhala lochepa.

Pali chinthu china chomwe ogulitsa satchula. Kupendekeka ndi njira imodzi yomwe galimoto imayankhulira ndi dalaivala. Ikagwada kwambiri, thupi limadziwa kuti liwiro lachuluka, phazi limabwerera lokha. Galimoto yosagwada imapatsa munthu mtima wakuti zonse zili bwino kufikira pomwe matayala alekerera, ndipo malire a matayalawo sanasunthe kwenikweni. Chenjezo lomwe limatsala ndi la m'chiwongolero: matayala akutsogolo akayandikira malire awo, chiwongolero chimapepuka m'manja. Koma chenjezo limeneli ndi la kunong'ona, ndipo limanena za kutsogolo kokha. Matayala akumbuyo sanalumikizidwe ku chiwongolero. Mwa maganizo anga, ichi ndiye chifukwa chachikulu chochitira mantha ndi sitebilaiza yonenepa kwambiri kumbuyo, makamaka nthawi ya mvula yoyamba pomwe phula limaterera ndi fumbi ndi mafuta.

Pamsewu wa maenje

Sitebilaiza sidziwa kusiyanitsa kona ndi dzenje. Chomwe imamva n'chakuti gudumu lina lakwera, lina latsika. Gudumu lakumanzere likagwera m'dzenje, kapena likatsikira m'mphepete mwa phula modyeka popatukira lole, chitsulo chimapotoka n'kukokera bodi yonse mbali imeneyo. Mitu ya okwera imagwedezekera uku ndi uku. Choipa kwambiri n'chakuti tayala limalephera kutsatira msewu, limadumphadumpha, ndipo tayala lomwe lili m'malere siligwira kanthu. Masitebilaiza ambiri ogulitsidwa padera anapangidwira misewu yosalala ndi mabwalo a mipikisano. Pamsewu wafumbi wa mizeremizere, galimoto yofewa imatha kukhota bwino kuposa yolimba. Opanga galimoto ya Citroën 2CV ku France, yomwe inatuluka mu 1948, anauzidwa kuti galimotoyo izitha kudutsa m'munda wolimidwa itanyamula dengu la mazira osasweka. Sanaikemo sitebilaiza. Inkapendekeka mochititsa mantha pakona, koma matayala ake sankachoka pansi.

Opanga galimoto zoyenda m'misewu yoipa akhala akufuna njira yokhala ndi zonse ziwiri. Jeep Wrangler Rubicon, kuyambira ya 2007, ili ndi batani lomwe dalaivala amadina kuti sitebilaiza yakutsogolo ilekane pakati poyenda pang'onopang'ono m'miyala. Kampani ya Toyota inaika pa Land Cruiser 200 ya 2007 ndi Prado ina ya 2009 makina otchedwa KDSS, omwe amagwiritsa ntchito mafuta m'mapaipi: pakona amagwira masitebilaiza kuti alimbe, m'zigwembe amawamasula kuti magudumu alendewere mpaka pansi. Kampani ya Citroën nayo mu 1994 inatulutsa Xantia Activa, yomwe masitebilaiza ake ankakankhidwa ndi makina kuti bodi isapendekeke n'komwe. Makina onsewa ndi okwera mtengo, ndipo kupezeka kwawo kukuonetsa kuti mpiringidzo wamba sungakhale wolimba ndi wofewa nthawi imodzi.

Ena amaganiza kuti chitsulo cholimba chimateteza galimoto kuti isagubuduke. Chimathandizako pang'ono, poti bodi yosagwada sisunthira phata la kulemera kunja. Koma chachikulu ndi kutalika kwa phatalo poyerekeza ndi kutalikirana kwa magudumu. Galimoto yathu yoyerekeza ija ingagubuduke pokhapokha mphamvu yoikankhira kunja itafika pa 1.36 kuchulukitsa kulemera kwake, pomwe matayala wamba pa phula louma amalekerera mphamvuyo isanafike n'komwe pa 1. Ndiye imaterereka isanagubuduke. Tsono taganizirani pikapu ya matola yomwe yasanjikiza matumba a chimanga mpaka kupitirira kabini, anthu n'kukhala pamwamba pake. Phata likakwera kufika pa mamita 0.9, nambala ija imatsika kufika pa 0.83, pomwe matayala amatha kugwirabe. Palibe sitebilaiza yomwe ingabweze zimenezo. Chomwe chingathandize ndi liwiro, chifukwa mphamvu yokankhira kunja imakula ndi liwiro lochulukitsidwa ndi lokha. Kutsika kuchoka pa makilomita 60 kufika pa 50 pa ola kumaichepetsa ndi magawo 30 pa 100.

Mu Okutobala 1997, atolankhani a magazini ya ku Sweden yotchedwa Teknikens Värld anagubuduza Mercedes-Benz A-Class yatsopano poyesa kuzemba mwadzidzidzi, monga mmene dalaivala wa kumeneko angazembere chinyama chachikulu chotchedwa elk. Kwathu kuno ikanakhala mbuzi kapena wakabaza. Galimotoyo inali yaifupi koma yaitali msinkhu. Kampaniyo inaimitsa kaye malonda, ndipo poikonza sinadalire chinthu chimodzi. Inatsitsa bodi, inalimbitsa sasipenshoni, inasintha matayala, inaikanso makina a ESP omwe amagwira buleki ya gudumu limodzi galimoto ikayamba kuterereka. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi makina amenewa, ndipo anawachuna molingana ndi masitebilaiza omwe galimotoyo inatuluka nawo kufakitale.

Poyambira

Amalume anga ndi makaniko, ndipo nditawafunsa za nkhaniyi anaseka. "Mphwanga," anatero, "galimoto zomwe zimabwera pano sizifuna chitsulo chonenepa. Zimafuna kuti chomwe chilipocho chigwire ntchito. Uyambe wafunsa labala." Ndikugwirizana nawo. Galimoto zambiri zimafika kuno zitayenda kale zaka zingapo, kenako n'kukumana ndi maenje ndi dzuwa. Mabushi amauma n'kung'ambika, malinki amakhwepa. Bushi ikadyeka, mpiringidzo umayamba wasewera kaye m'malo mwake usanayambe kupotoka, ndiye galimoto imagwada ngati ilibe sitebilaiza pa chiyambi cha kona, pomwe manja amamva kwambiri. Chizindikiro chake ndi phokoso lakuti gogodo gogodo poyenda pang'onopang'ono pamsewu wa miyala, lomwe limazimirira pa phula losalala. Mabushi ndi malinki ndi zina mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa sasipenshoni yonse, ndipo kuzisintha kumabweza kumvera kwa chiwongolero komwe mwini galimoto anaiwala kuti kunalipo.

Amalume anandiuzanso za chizolowezi chomwe amadana nacho. Linki ikathyoka, eni galimoto ena amauza makaniko kuti angoichotsa, kapena achotse sitebilaiza yonse, phokoso lithe. Galimoto imayendadi bwinobwino pamsewu wowongoka, mwina mofewa kuposa kale. Koma linki imodzi ikasowa, mpiringidzo wonse sugwiranso ntchito, chifukwa ulibe choupotola. Ngati ndi wakutsogolo, ntchito yaikulu yoletsa kupendekeka imagwera kumbuyo, ndipo galimoto yomwe anaipanga kuti izikana kona imasanduka yotha kutaya kumbuyo. Mwini wake sadziwa zimenezi kufikira tsiku lozemba mwana wothamangira mpira pamsewu. Mashoki otha nawonso amalola bodi kugwa mofulumira n'kumayendayenda, ndipo mpweya wochepa m'matayala umachedwetsa chiwongolero kuposa sitebilaiza yofewa. Zonsezi ziyenera kukhala bwino munthu asanaweruze kuti chitsulo chake n'chochepa.

Sindikunena kuti kusintha sitebilaiza n'kulakwa. Munthu amene galimoto yake ili bwino, amayenda kwambiri pa phula ndipo akufuna kuti izimvera msanga, atha kupindula. Koma agule yopangidwira mtundu wa galimoto yakeyo, awonjezere milimita imodzi kapena awiri okha, ndipo ngati ili ndi mabowo ayambire pa lofewa. Asinthe mbali imodzi n'kuyesa kaye, chifukwa akasintha zinthu zitatu tsiku limodzi sangadziwe chomwe chabweretsa chiyani. Poyesera pakhale pabwalo lopanda anthu, ndipo ayesenso pansi patanyowa, akuchotsa phazi pamoto pakati pa kona kuti aone ngati kumbuyo kukufuna kutsogola. Ayesenso galimoto itadzaza anthu ndi katundu m'buti, poti kumbuyo kolemedwa kumasintha khalidwe.

Pomanga pali zingapo zofunika kusamala. Chitsulo cholimba kawiri chimakokanso kawiri pomwe chamangiriridwa, choncho mabulaketi ndi malinki akale atha kupindika kapena kung'amba chasisi, makamaka ngati pali dzimbiri. Mabushi a polyurethane, omwe amabwera ndi masitebilaiza ambiri ogula padera, ndi olimba kuposa a labala, koma amafuna girizi wake wapadera, apo ayi amalira ngati mbewa. Mabauti amamangitsidwa komaliza galimoto itaima pa magudumu ake pamalo osalala, osati ili pajeki, kuti chitsulo chisakhale chopotoka kale galimoto isanayende. Pomaliza pali nkhani ya moto. Sitebilaiza imaumitsidwa kufakitale pa kutentha koyezedwa bwino kuti izipotoka n'kubwerera. Ikathyoka, kapena ikakhala ya galimoto ina yosakwana bwino, pamakhala chiyeso choiwotcherera kapena kuitenthetsa ndi gasi kuti ipindike. Pomwe papsa motopo chitsulo chimasiya kukhala sipuling'i, ndipo chimadzathyokera pomwepo tsiku lomwe chapotoka kwambiri, ndiye kuti pakati pa kona.